Mkungudza Wauwisi m'Boti la Aliro

"Dzina la mnyamata ameneyo ndisalimvenso m'nyumba muno."

A Baldovino Chiguay sanakweze mawu. Anathira madzi otentha m'chikho cha tiyi wa mate, uja amamwa ndi kapaipi mopatsirana chikho chimodzi, ndipo m'malo mopatsa mwana wawo Yasna, amene anali woyenera kulandira, anamudumpha n'kupatsa mchimwene wake Nibaldo. Chibadwire Yasna anali asanadumphidwepo chikho pakhomo pa bambo ake. M'maso munatentha, koma analimba mtima.

"Bambo, mlandu sunazengedwe. Inu mwagamula kale?"

"Mitengo inapezeka m'boti la ndani?"

"La Aliro. Koma..."

"Yauwisi kapena youma?"

Mudzi wonse wa Tortel unkadziwa yankho lake. Milungu itatu yapitayo, m'mamawa, anthu oyang'anira nkhalango anavundukula lona m'boti la Aliro Mansilla n'kupezamo zipika za mkungudza zikuchuchabe utomoni. Mkungudza wamoyo sudulidwa. Lamulo limalola wouma wokha, uja unapsa ndi moto wa kalekale n'kutsala chiimire m'zilumba, uli mbee ngati mafupa. Mitengo yakufayo ndi imene banja la a Chiguay linkatchezamo mafuta, kabotolo kamodzi pa mulu wa zipika, n'kumatumiza kwa mayi wina wopanga perefyumu ku Santiago. Pa botolo lililonse panalembedwa kuti palibe mtengo wamoyo umene unagwetsedwa. Mawu amenewo anawasankha a Baldovino eni ake.

"Moyo wanga wonse ndasunga dzina," anapitiriza bambowo. "Lero mkamwini wanga akhale wakuba mitengo? Ngati ukufuna kukwatiwa naye, chitseko ndi icho. Koma ukatuluka, watuluka."

"Achimwene, inu simunenapo kanthu? Si mnzanu wa paubwana, Aliro?"

Nibaldo anayamwa tiyi mpaka chikho chinalira, anachibweza, n'kutola chipewa. "Ine ndikaone nkhuni," anatero, maso ali pansi. Mkazi wake Orfelina, amene anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu, anatembenukira kukhoma ngati pali chimene akufuna pa shelefu.

Linali Lolemba. Mlandu unali Lachinayi, ku khoti la ku Cochrane.

* * *

Foni ya Yasna inali yodzaza ndi mauthenga opita mbali imodzi.

"Wadzuka bwanji?"

"Aliro, ndikuona kuti ukuwerenga."

"Ngakhale unditukwane, bola uyankhe."

Masana atakwana analephera kupirira. Anavala jekete la mvula, anatsata mlatho wa matabwa wozungulira gombe, n'kuyamba kukwera masitepe opita kwa mayi ake a Aliro. Ali pakatikati, wefuwefu, anakumana ndi munthu akutsika, mphika wopanda kanthu uli m'manja. Anali Marlén Oyarzo, mwana wa mwini nyumba yogona alendo, amene kuyambira ali kusukulu ankamuyang'ana Aliro ngati keke ya m'galasi.

"Aa, mayi wa zonunkhira! Mwasochera?"

"Patuka ndidutse, Marlén."

"Udutse upite kuti? Mayi Mansilla agona, ndangowamwetsa msuzi wa nkhosa. Anthu sakudya m'nyumba muja, ukudziwa? Kapena kwanu mumangodziwa kununkhiza basi?"

"Aliro alipo?"

"Aliro ali kumene ali." Marlén anatsamira chogwirira cha masitepe, mphika uli m'chiuno. "Ndikuuziretu, ungamvere kwa anthu. Lachinayi ndikupita naye ku khoti. Ndikanena kuti tsiku limene boti linapita kuzilumba, iye anali kwathu. Kuyambira masana mpaka kunja kutacha."

"Limenelo ndi bodza! Tsiku limenelo anali kumtunda, akukonza mpanda wa amalume ake."

"Anamuona ndani? Nkhosa? Nkhosa sizikwera basi, mwali."

"Ukalumbira zabodza pamaso pa woweruza?"

"Ine ndikapulumutsa munthu. Iwe wamuchitira chiyani? Bambo ako amuthamangitsa ngati galu wakuba nyama, iwe uli phee, kumata mapepala pa mabotolo." Anatsika sitepe imodzi n'kutsitsa mawu. "Ndipo ndikangonena zimenezo pagulu, bambo anga sangalole kuti nkhani ithere pomwepo. Umawadziwa. Mwamuna wagona m'nyumba mwawo ndi mwana wawo, pamenepo pakhale ukwati basi."

Dzanja la Yasna linayabwa, koma analibweza m'thumba.

"Ukudzigulira mwamuna ndi bodza."

"Iwe unamupeza ulere, ndiye wamusunga?" Marlén anaseka, n'kumukhudza ndi mphika podutsa. "Samala masitepe, ndi oterera."

* * *

Yasna anamupeza Aliro kumunsi, pa kadoko pamene ankamangirira boti lake. Chingwe chinalipo, boti panalibe. Oyang'anira nkhalango analilanda tsiku lomwe lija. Mwini wake anakhala pa thabwa lonyowa, ndevu zitamera ngati munthu wofedwa, akuyang'ana madzi dwii.

"Foni yako inagwera m'nyanja?"

"Yasna, bwerera. Anthu akutiona."

"Ationere. Zaka ziwiri akhala akutiona, manyazi ayambe lero?" Anagwada patsogolo pake n'kumugwira kumaso ndi manja onse awiri. "Ndiyang'ane. Unadula mitengo ija?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Ndiye boti anatenga ndani?"

Aliro anachotsa manjawo pang'onopang'ono, koma sanawataye. Anawafumbata m'manja mwake ngati akuwaotha.

"Kiyi umayenda naye m'khosi ngati kolona," Yasna anaumirira. "Munthu sangamutenge usanamupatse wekha. Unapatsa ndani?"

"Ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndani? Nanga ine sunandilonjeze? Pa matabwa omwewa unati Januwale akafika tikwatirana, mpaka unayamba kudula mitengo ya nyumba yathu. Lonjezo lako kwa munthu wakubayo likuposa la ine?"

"Ukanadziwa sukanafunsa."

"Ndiye ndidziwitse!"

Anangopukusa mutu. Mvula ya mawawa inali itayambanso, madontho akutsetsereka m'ndevu zake.

"Nanga za Marlén? Wavomera?"

"Anapita kwa mayi, osati kwa ine. Mayi akulira tsiku ndi tsiku, Yasna. Loya akuti popanda mboni boti lapita, ndipo mwina ndikalowa m'ndende. Mayi adzadya chiyani? Nkhuni adzawakwezera ndani masitepe onse aja?"

"Ndiye wavomera."

"Sindinakane."

Mawu amenewo anamupyoza Yasna kuposa chipongwe chonse cha Marlén. Anadzuka, anayenda pang'ono, n'kubwereranso.

"Ngati ndi bodza likufunika, ndikanama ndine. Ndikanena kuti unali ndi ine."

"Tsiku limenelo unapita ku Cochrane kukatumiza mabotolo. Basi yonse inakuona, mpaka unakangana ndi dalaivala za mpando."

"Ndiye tithawe. Tiwoloke malire, amalume ali ku Los Antiguos, sangatikanize pogona."

"Tithawe pa chiyani? Tisambire?" Aliro anaseka mowawidwa mtima. "Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Mayi ndiwasiyire manyazi amenewo?"

"Ndiwe mbuzi, Aliro Mansilla. Ukufera munthu amene panopa wakhala pamoto kwawo, sakukuganizira n'komwe."

"Mwina akundiganizira."

"Ine ndimakukonda, wamva?"

"Ndamva," anatero motsitsa. "Chovuta ndi chimenecho."

* * *

Lachiwiri lonse Yasna anayenda khomo ndi khomo m'mbali mwa gombe, kufunsa ngati alipo anaona munthu akumasula boti la Aliro. Asodzi anati anangoona mvula. Mayi wa pagolosale anaona mvula. Ngakhale nkhalamba imene imaswera pawindo kuwerenga aliyense wodutsa, tsiku limenelo akuti maso ankavuta. Madzulo anatumiza uthenga wina: "Sindisiya." Nthawi ino yankho linabwera, lalifupi: "Chonde siya."

Lachitatu m'mawa ali m'kanyumba kosungira mabotolo, chitseko chinatseguka. Orfelina analowa chammbali chifukwa cha mimba, anatseka, n'kutsamira chitsekocho ndi msana.

"Alamu, ndikakuuzani chinthu, mulumbire kuti simundiphera banja."

"Mwatani? Mwana akuvuta?"

"Mwana ali bwino. Wosakhala bwino ndi bambo ake." Orfelina anatsitsa mawu. "Tsiku lija Nibaldo anabwera mochedwa, zovala zonse zili nyatanyata ndi utomoni. Mkungudza wouma sumata chotero, inu mukudziwa kuposa ine. M'mawa ndikuti ndichape jekete, ndinapeza kiyi m'thumba. Uja wa kachingwe kofiira."

Botolo limene Yasna anagwira linapulumuka n'kugubuduzika pa tebulo. Sanaligwire. Linagwa, linasweka, fungo la mkungudza n'kudzaza kanyumba konse mpaka kutsamwitsa.

"Milungu itatu, alamu! Milungu itatu mukundiona ndikuuma ngati nsomba ya pautsi, inu muli duu?"

"Ndikanatani? Taonani mimbayi. Mwana abadwe bambo ake ali m'ndende? Sakugona, sakudya. Dzulo ndamupeza kuseri kwa nkhuni akulira ngati mwana." Orfelina anamugwira mkono, zala zili zii. "Ndanena chifukwa chandilemera, ndimalephera kukuyang'anani. Koma musakanene, ndakugwirani mwendo. Mwalumbira."

"Sindinalumbire."

"Alamu!"

Yasna anamukhazika pa mpando, anamupukuta misozi ndi mkono wa juzi, koma mutu unali kale kwina. Unali kwa bambo ake. Munthu amene anabweza ku sitolo misomali itatu imene anamuwonjezera molakwitsa, munthu amene anatha chaka osalankhula ndi mnansi chifukwa chodula kamtengo kamodzi kauwisi. Bambo otero akamva zoona adzamugwira Nibaldo pamkono okha n'kupita naye kwa woweruza, kenako adzakwera masitepe aja chipewa chili m'manja kukapepesa kwa a Mansilla. Zidzawawa, koma zidzawongoka. Kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu, Yasna anapuma mpweya wofika pansi.

* * *

Yasna anawapeza bambo ake masana m'shedi ya zipika, akunola nkhwangwa.

"Bambo, Aliro sanadule mitengo ija. Ndi achimwene."

Mwala wonolera unaima.

"Wakuuza ndani?"

"Zimenezo zilibe ntchito. Kiyi anali m'jekete lawo. Mawa mupite nawo ku Cochrane, akavomere okha. Munthu wovomera yekha amamuchitira chifundo. Orfelina ndi mwana ndiwasamala ine, ngakhale zitatenga zaka. Koma munthu wosalakwa asalowe m'ndende, Bambo. Munatiphunzitsa ndinu."

"Khala pansi."

"Sindikhala."

A Baldovino anaika nkhwangwa pansi mosamala, ngati ingasweke. Anayang'ana zikhatho zawo nthawi yaitali.

"Nibaldo anangoyendetsa boti," anatero. "Macheka anali m'manja mwanga."

Yasna anamva, koma mawuwo anakana kulowa. Anayang'ana nkhope imene ankaidziwa kuposa yake, ndipo inali yomweyo, makwinya omwewo, kachipsera komweko pachibwano.

"Mitengo youma ya pafupi inatha, mwana wanga. Yotsala ili kutali, m'madambo a pamwamba, kumene mawondo angawa sangafikenso. Mayi wa ku Santiago anaimba katatu, ati mafuta achedwa, akafuna kwina. Ndinati kamodzi kokha, adzadziwa ndani? Kaboti kathu n'kakang'ono, ndiye ndinatuma Nibaldo kukabwereka la Aliro, ati tikatenge nkhuni. Tinabwerako mochedwa, tinati titsitsa kukacha. Kutacha oyang'anira nkhalango aja anatipitirira."

"Aliro akudziwa kuti ndinu."

"Ndinapita kwa iye tsiku lomwelo. Ndinagwada, Yasna. Ine bambo ako, pa matabwa onyowa. Ndinati ndakalamba, m'ndende sindikatulukamo wamoyo. Ndinati zikadziwika chilolezo chathu cha mitengo chapita, dzina lapita, iwe udzagwira chiyani? Anandidzutsa yekha. Anati, 'Dzukani bambo. Chifukwa cha Yasna, pakamwa panga sipatseguka.'"

"Ndiye inu munamuthamangitsa." Mawu a Yasna anatuluka owonda, ngati a munthu wina. "Munthu wakusenzerani mlandu, inu kumutcha wakuba pamaso panga. Kundiuza kuti ndisankhe pakati pa iye ndi khomo lino."

"Ndikanamulandira, anthu akanadabwa."

"Musandinamize kawiri tsiku limodzi!"

Bambowo anagwetsa mutu. Mapewa aakulu aja, amene anasenza zipika zaka zonse, anayamba kugwedera.

"Ndingakhale naye bwanji pa tebulo limodzi? Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, iye akundiyang'ana, akudziwa chimene ndili? Adzukulu anga ali pamiyendo pake? Sindingathe, mwana wanga. Bola imfa."

Yasna anafuna kuwakumbatira. Anafunanso kutola nkhwangwa ija n'kuphwanya chilichonse m'shedimo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Basi ikunyamuka seveni koloko," anatero. "Mukapanda kukwera inu, ndikwera ine."

"Ukawaneneza bambo ako?"

"Sindikudziwa chimene ndikanene. Koma Marlén sakalumbira ine ndili moyo."

* * *

Lachinayi kunacha ndi chimphepo cha kumadzulo, chimene chimang'amba malata n'kutseketsa doko. Yasna anatuluka osadya, osagogoda kuchipinda kwa bambo ake. Anakwera masitepe mpaka pamwamba, pamene msewu umathera ndipo basi imadikirira.

A Baldovino kunalibe.

Aliro anakhala cha pawindo, atavala jekete lobwereka, lothina m'mapewa. Pambali pake panali Marlén, tsitsi lokonzedwa, milomo yofiira ngati akupita kuphwando.

"Taonani! Wabwera kudzatiperekeza," anatero mokweza kuti basi yonse imve. "Mpango wotibayibitsa wabweretsa?"

Yasna anaponda sitepe ya basi osamuyang'ana. "Ndikudziwa zonse, Aliro. Andiuza okha."

Nkhope ya Aliro inachita mbuu. Anadzuka mpaka kugunda mutu kudenga. "Yasna, usatero. Tsika, ndakupempha."

Foni ya Yasna inalira m'thumba. Anali Orfelina, ndipo ankakuwa kotero kuti a mipando yakutsogolo anamva zonse.

"Alamu, bambo kulibe! Bedi ndi loyala, foni asiya pa tebulo, pamodzi ndi mphete yawo ya ukwati. Kaboti kawo palibe pa doko. Nibaldo akuti chigubu cha petulo wobwererera chili pomwepo, sanatenge. Alamu, mphepo iyi! Apita kuzilumba okha!"

Mawu a dzulo aja, "mukapanda kukwera inu," anamubwerera Yasna ngati mbama.

Aliro anali atafika kale pakhomo, akuvula jekete. "Ndikudziwa kumene alowera. Tikanyamuka pompano tiwapeza asanatuluke m'khwalala la madzi abata."

"Wapenga?" Marlén anamukoka malaya. "Ukapanda kuonekera ku khoti lero akutenga ngati wothawa mlandu. Ufere nkhalamba imene inakutcha wakuba?"

"Ndisiye, Marlén. Ndani ali ndi boti?"

Anthu m'basimo anayang'anana. Msodzi wina wa kumbuyo anapukusa mutu. "Ndi mphepo iyi? Maboti athuwa sangapirire, mwana wanga. Lolimba ndi limodzi m'Tortel muno."

Sanalitchule, koma mitu yonse inatembenukira kwa Marlén.

Marlén anasiya malaya aja. Anayang'ana Aliro, anayang'ana Yasna, kenako anatsegula chikwama mosafulumira n'kutulutsa foni.

"La bambo anga," anatero. "Ndikaimba ine sangakane. Mphindi zisanu injini ikhala ikulira, ndipo ndiwauza aimbire loya kuti wapita kukapulumutsa munthu." Anakweza foniyo, chala chili pamwamba pa batani. "Koma iwe, Yasna Chiguay, unene pompano, anthu onsewa akumva, kuti wamusiya. Osati lero lokha. Mpaka kalekale."

"Marlén, munthu akufa!" Aliro anakuwa.

"Ndiye afulumire."

Dalaivala anazimitsa injini. Mphepo inkagwedeza magalasi. Kumunsi, kuseri kwa madenga, nyanja inali itachita thovu mpaka kumene maso amalekezera, ndipo penapake m'thovulo munali kaboti ka matabwa ndi nkhalamba ya mawondo owawa.

"Yasna, usanene," Aliro ananong'ona. "Tipeza njira ina."

Njira ina kunalibe, ndipo onse awiri ankadziwa. Yasna sanamuyang'ane. Akanamuyang'ana sakanatha.

"Ndamusiya," anatero. "Imba."